Malemu Atate Ankatiitana pa Imelo

Ndikudziwa kuti ena a inu a ku Wusakile mukangozindikira mwini nkhaniyi muyamba kuseka, muziti mtsikana uja wayambanso, koma zimene ndikulemba panozi ndi zoona, ndipo kaya mundigwiritse Baibulo kaya korona ya amayi, sindisinthapo liwu. Tsoka la munthu wonama ngati ine ndi lakuti tsiku limene wanyamula choonadi, anthu amachitembenuza uku ndi uku kufunafuna pamene wasokerera. Sinditchula dzina la munthu aliyense, ngakhale langa, pakuti mayina ndi amene anatipweteka m'nyumba mwathu.

Kuti musavutike, inde, ndine uja ndinaika chule m'chikwama cha amayi otsogolera kwaya, nyimbo n'kukwera kufika pamene sinafikepo chimangire tchalitchi chathu. Ndinenso uja ndinaimbira foni aphunzitsi a masamu ndi mawu a nkhalamba, kuwauza kuti apongozi awo afika pa siteshoni ndi nkhuku ziwiri ndipo mvula ikuwanyowetsa, iwo n'kutisiyira mayeso pa tebulo ulendo wa ku tauni. Zonsezo sindinalapepo, ndipo ndikazikumbukira ndimasekabe ndekha. Munthu mmodzi yekha amene ankaseka nane, mobisa amayi asaone, anali atate.

Atate anali a ku Katete, koma moyo wawo wonse anaudyera pansi pa mgodi kuno ku Kitwe. Atawadula ntchito pamodzi ndi anzawo, ankangoyendayenda ndi envulopu ya mapepala kukhwapa, mpaka wina anawauza kuti masiku ano ntchito sapempha pa geti, amapempha pa intaneti, pa tsamba lina pamene anthu amaonetsa zimene amadziwa n'kumalumikizana ndi anzawo. Anavala jekete la pa ukwati wawo, napita ku kafe ya intaneti ku tauni, ndipo wogwira ntchito pamenepo anawajambula n'kuwalembetsa. Anabwerako akuyenda ngati bwana, kutiuza kuti tsopano ngakhale azungu a kunja akuwaona. Sabata isanathe, m'mawa wina akutsuka mkamwa panja, anangogwa chafufumimba, ndipo pofika ku chipatala anali atatisiya kale. Foni yawo inali m'thumba la malaya, inasweka pomwepo, ndipo amayi anaikulunga m'kansalu n'kuiika pansi pa sutukesi. Mukumbukire zimenezi, foni inafa tsiku limodzi ndi mwini wake.

Maliro anatha, achibale a kwawo kwa atate, ku chigawo cha Eastern, anabwerera, ine ndinayambanso sukulu, ndinali Giredi 10. Tsiku lina masana ndili m'minibasi pobwerera kunyumba, foni yanga inalira kuti kwabwera imelo. Ndinatsegula mosasamala, kondakitala akukuwa pakhomo, ndipo amene ndinamuona akundiyang'ana anali atate, m'jekete lawo lija, akumwetulira mwamanyazi monga ankachitira pa kamera. Pamwamba panalembedwa kuti Nyani Wanga, dzina limene ankanditcha iwo okha ndikapalamula. M'munsi mwake, m'Chingerezi chosalala bwino, munali mawu akuti akundiitana ndipite kumene ali, akundidikira, ndipo panali kabatani kobiriwira koti ndidine ngati ndavomera.

Abale anga, munayamba mwamvapo kuzizira kochokera m'mafupa dzuwa likuswa mtengo? Ndinapitirira pa siteji yathu osadziwa, ndinakatsikira kutali. Ine amene ndinaopsezapo theka la komboni, tsiku limenelo ndinayenda m'mbali mwa msewu ndikucheuka ngati mbava.

Pofika kunyumba ndinapeza kuti sindinali ndekha. Uthenga womwewo unafika kwa akatekisiti, kwa anzawo a ku mgodi, kwa achibale a ku Ndola ndi ku Chipata, ena pa imelo, ena opanda imelo pa meseji ya pa foni, ndipo aliyense unkamutchula ndi dzina limene atate anamulemba m'foni mwawo. Apa ndiye ngakhale ndinali ndi mantha ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Amayi ena oyandikana nafe, odziwa nkhani za nyumba iliyonse, anapezeka kuti ndi Wailesi, ndipo kuwawa kwa dzinalo kunaposa mantha. Amalume anga a ku Bulangililo, mkulu wa mpingo wa Pentekoste amene atate ankati akayamba kulankhula pa foni batire limatha, uthenga wawo unayamba ndi mawu akuti Osayankha. Iwo anatenga kuti mlamu wawo, mwa chikondi, akuwachenjeza kuchokera kutsidya kuti asayankhe kuitanako, ndipo anakachitira umboni m'tchalitchi mwawo misozi ili chuchuchu.

Inu a kuno amene simunakulire m'nyumba ya anthu a kwathu mwina simukuona pamene panali vuto. Ife tinaphunzitsidwa tili ana kuti munthu wakufa akakuitana, kaya kutulo kaya uli maso, suyankha, umangotseka pakamwa n'kuyang'ana kumbali, chifukwa ukavomera ndiye kuti wanyamuka. Tsono akatekisiti pomasulira kabatani kaja kwa anthu amene Chingerezi chimawavuta, anati kakutanthauza kuti vomerani. Liwu lomwelo, limene mwana amachita akaitanidwa ndi kholo lake. Kodi panafunikanso wina wofotokoza?

Panali bambo wina, mnzawo wa atate wa pamtima, M'bemba wa nthabwala, amene anatsika naye pansi zaka zonse zija, ndipo fumbi la mgodi linali litamudya chifuwa moti ankapuma ngati akukoka chingwe. M'foni mwa atate anali Mbale wa Pansi. Iyeyu ataona uthengawo anaseka mpaka kutsokomola, nati mnzake wapeza shifiti yabwino kumeneko ndipo akumusungira malo, ndiye iye angakane bwanji, nadina kabataniko anthu akuona. Masabata angapo atapita tinakamuika ku manda omwewo, mzere wachiwiri kuchokera pa atate. Madokotala anali atanena kalekale za chifuwa chake, koma ndani ankakumbukira madokotala? Anthu anayamba kuzimitsa mafoni, ena kusintha manambala, ndipo podutsa pakhomo pathu ankafulumiza mapazi.

Pa maliro amenewo amayi sanaimbe nawo ngakhale nyimbo imodzi, iwo amene pa maliro a ena ndiwo ankayambitsa. Tikubwerera wapansi, tili awiri, anaima pa mthunzi wa mtengo wa mango n'kundiyang'ana ngati akundiyeza msinkhu.

"Ine ndinavomera kale, mwanawe. Tsiku loyamba lomwe lija."

Ndinawafunsa chifukwa chake, popeza mwambowo ndi iwo anandiphunzitsa, ndipo anatulutsa foni yawo n'kundionetsa. Uthenga wawo unayamba ndi liwu lakuti Kapitawo. Anandiuza kuti atangokwatirana, atate ankati ku mgodi ali ndi kapitawo wowalamula masana, kunyumba ali ndi wina wowalamula moyo wonse, ndipo dzinalo ankawatcha ali awiriwiri basi, ngakhale ife ana sitinalimvepo. Anati zaka zonse za ukwati wawo mwamunayo akaitana iwo ankavomera, nanga akanayamba bwanji kukana tsopano pamene ali yekhayekha kumene aliko? Anadina, tsamba silinatseguke chifukwa mabandulo anali atatha, koma kwa iwo chala chinali chitayankha kale.

Kuyambira pamenepo amayi anayamba kulongedza moyo wawo pang'onopang'ono, mwaukhondo, monga amalongedzera tomato madzulo pamsika. Tebulo lawo la pamsika analipereka kwa mnzawo kuti aziligwiritsa. Zitenje zawo zabwino anagawira azimayi a m'chitente, kagulu kathu ka mpingo ka m'dera. Anandiphunzitsa kusita yunifolomu ya mlongo wanga wamng'ono, amene panthawiyo anali Giredi 2, ndi kumuuza kuti azindimvera ngakhale ndili wopanda mutu. Chakudya ankangochigwiragwira n'kukankhira mbale kwa ife. Sankalira, sankadandaula, ndipo chimenecho ndicho chinkandiopsa kuposa zonse, chifukwa nkhope yawo inali ya munthu amene wagula kale tikiti ndipo akungodikira basi. Ndipo uthenga uja sunaleke, pakapita masiku unkabweranso, wakuti akukudikiranibe, kodi mwaiwala?

Bambo mfumu anabwera, anapemphera, anawaza foni ya amayi madzi odalitsa. Amalume anabwera ndi gulu lawo, anadzudzula mizimu mpaka mawu kusasa. Amayi ankawathokoza onse mwaulemu, kuwaperekeza mpaka pa geti, n'kubwerera kukakhala pa mphasa.

Ine ndinapita kwa aphunzitsi athu a makompyuta, amene sankandikonda kwenikweni chifukwa cha nkhani ina ya guluu pa mpando, koma ataona nkhope yanga anandikhazika pansi. Anandifotokozera kuti polembetsa pa masamba amenewa pamabwera kafunso kopempha kuona anthu onse amene uli nawo m'foni ndi mu imelo, ndipo anthu ambiri amangodina kuti inde pofuna kuthana nazo msanga. Ukatero makinawo amakopera mayina onse monga momwe unawalembera, n'kuyamba kuitana anthuwo m'dzina lako, kuwakumbutsa, kuwakumbutsanso, iwe osadziwa, ndipo ukafa palibe amene amapita kukawauza makinawo kuti kuno kwagwa maliro. Ndinathamangira ku kafe kuja, wogwira ntchito uja anati amalembetsa anthu ambirimbiri ndipo mawu achinsinsi a atate sangawakumbuke. Aphunzitsi analembera eni tsambalo kuti munthuyu anamwalira, yankho linabwera msangamsanga, laulemu kwambiri, lopempha kuti mwini wake alowe atsimikize yekha.

Ndinafika kunyumba ndi choonadi changa chonse m'manja, ndinawafotokozera amayi bwinobwino, kubwereza kawiri. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandisisita kumutu n'kunena kuti ndine mwana wabwino pofuna kuwatonthoza, koma makina sangadziwe Kapitawo, ndiponso iwo anandibala, amadziwa kuti pakamwa panga nkhani zimamera zokha. Mwaona tsoka lake? Ndinaba foni yawo n'kutseka kuti mauthengawo asamafikenso, ndikuganiza kuti ndachenjera. Atadikira masiku angapo osalandira kanthu, anati mwaona, waleka kuitana chifukwa wadziwa kuti ndili m'njira.

Tsiku limene sindidzaliiwala linali Lachinayi, ndinaweruka msanga. Pakhomo panali zii, chitseko chili chotsekula, pabalaza posesedwa bwino. Nditalowa kuchipinda ndinawapeza atagona chagada pa mphasa, atasamba, atadzola, atavala yunifolomu yawo ya azimayi a mpingo ndi duku loyera, manja atapingasa pachifuwa, korona ili m'zala, foni ili pamtima. Maso anali otseka, milomo itauma, masaya atalowa. Ndinaima pakhomopo osatha kuitana, chifukwa ndinaopa kuti ndikaitana sayankha, ndipo ndikadzatero ndiye kuti zatsimikizika. Ndinayang'anitsitsa foni ija mpaka ndinaiona ikukwera pang'ono, n'kutsika. Anali moyo, koma anali atadzikonza okha kuti asadzavutitse anthu powasambitsa.

Sindikudziwa kuti nzeruyo inachokera kuti, mwina kwa mdyerekezi yemwe uja amandinong'oneza za achule. Ndinaona kuti choonadi chalephera, madzi odalitsa alephera, ndipo chimene chatsala m'nyumba muno chimene amayi amachikhulupirira ndi mtima wonse ndi chimodzi chokha, chakuti mwana wawo wamkazi ndi wopulupudza. Ndinakhala pansi pafupi ndi mutu wawo n'kudzikakamiza kuseka, kuseka kwanga kuja kumene amakudziwa.

"Amayi, dzukani, mwandimvetsa chisoni. Mauthenga aja ndinkatumiza ndine."

Sanatsegule maso. Ndinapitiriza kuti ndinkadziwa mawu achinsinsi a imelo ya atate, ndinkafuna kungoona mmene Wailesi ndi amalume adzathamangire, ndipo mayina onse aja ndinapeka ndekha. Ndinaona chikope chikugwedezeka. Patapita kanthawi anafunsa ndi mawu ang'onoang'ono, ouma, funso limene ndinkaliyembekezera.

"Nanga Kapitawo unalitenga kuti?"

Ndinati nyumba za mgodi zilibe siling'i, ndipo ine ndili ndi makutu.

Anthu inu, ndaonapo amayi atakwiya, koma tsiku limenelo ndinaona munthu akubwerera kuchokera pakhomo la manda ndi patapata m'manja. Anadzuka osagwira pansi. Yoyamba inandipeza pakhutu, yachiwiri pamsana, ndinathawira panja iwo ali pambuyo, duku litagwa, akunditchula mayina a Chinyanja ndi a Chibemba omwe, ena oti sindinkadziwa kuti mayi wa mpingo amawadziwa. Tinazungulira nyumba, tinadutsa pa waya wa zovala, tinatulukira pamsewu anthu akuonerera, mpaka chizungulire chinawagwira nakhala pansi pa ngalande akupuma wefuwefu. Anaitanitsa madzi. Kenako anauza mlongo wanga kuti akagule mabanzi ndipo aike tiyi wa shuga wambiri, chifukwa sanathane nane ndipo akufuna mphamvu. Ndinawayang'ana akudya ndili patali, khutu likulira, magazi ali pamlomo, ndipo sindinaonepo chinthu chokoma m'maso ngati mabanzi amene aja akutsika.

M'mawa mwake anapita kukalanda tebulo lawo pamsika. Zitenje zina anakazitenganso, ati anangobwereketsa.

Mtengo wake ndinalipira, ndipo ndikulipirabe. Nkhani inafalikira Wusakile yense dzuwa lisanalowe, mukudziwa kale amene anaiulutsa. Anandichotsa mu kwaya. Amalume atamva kuti Osayankha silinali chenjezo la kumwamba koma chipongwe, anabwera ndi lamba, ndipo ndinalandira mosangalala ndithu, chifukwa chipongwecho chinali cha atate ndipo amalumewo mpaka lero amawatchula kuti mlamu wanga wokondedwa. Mkazi wa malemu Mbale wa Pansi sandiyankha moni, akandiona amalavula, amati ndinamufulumizitsa mwamuna wake, ndipo apo pokha ndi pamene kuseka kumandithera. Amayi ananditumiza kwa atate aang'ono ku Ndola, cha ku Bwana Mkubwa, temu yathunthu kuti akandiwongole. Asananditumize anandikokera ku kulapa, ndipo ndinawauza bambo mfumu kuti ndanama bodza lalikulu kwa amayi anga. Iwo anapukusa mutu nati akudziwa kale. Sankadziwa, koma chikhululukiro ndinalandira, ndipo ndikuona kuti chikugwirabe ntchito.

Mukandifunsa ngati ndikumva chisoni ndi bodzalo, ayi, ngakhale pang'ono. M'mabodza anga onse limenelo ndiye mfumu, chule uja ndi mwana. Linapusitsa komboni yonse, abusa, ansembe ndi mayi wondibala, ndipo chaka chino, pamene ndikulemba mayeso a Giredi 12, amayi ndi onenepa, amakangana ndi makasitomala, amatikalipira m'mawa uliwonse. Mutandibwezera pa khomo la chipinda chija ndikhoza kunamanso, mwinanso mokometsera.

Chimene chimandiwawa ndi china. Nditabwerako ku Ndola, Loweruka lina ankandiluka tsitsi pakhonde, ine nditakhala pakati pa miyendo yawo, tikucheza za zii, ndipo mwadzidzidzi zala zawo zinaima m'mutu mwanga.

"Ndiye kuti atate ako sanandiitane n'komwe?"

Ndinati ayi, amayi, ndinali ine. Anapitiriza kuluka, koma mofewa, ngati aiwala kuti tsitsi limafuna kukoka. Pamenepo ndinazindikira chimene ndinawalanda. Dzina lija sindinalimvere pa khoma. Atate analilemba okha, ndi zala zawo zokhakhala zija zimene zinkadina zilembo ziwiri nthawi imodzi, ndipo nthawi iliyonse amayi akawaimbira, ngakhale kuwatuma makala, foni inkawaonetsa kuti Kapitawo, iwo n'kumwetulira. Chimenechi ndi chawo cha amayi, chinayenera kukhala m'thumba la malaya a mwamuna wawo, koma anthu osawadziwa, okhala kutali, anachitola n'kuchisandutsa nyambo yokokera anthu ku tsamba lawo. Ndipo ine sindingawabwezere, chifukwa ndikawauza kuti analemba ndi atate, ndikuopa kuti mphasa ija idzayalidwanso.

Lero sindikhulupirira kuti akufa amatumiza ma imelo. Atate akanafuna kutiitana sakanalemba Chingerezi chosalala chotero, iwo amene ankalemba meseji yonse ndi zilembo zazikulu ngati akukuwa pansi pa mgodi. Chimene ndimakhulupirira ndi chakuti kuli makina opanda mwambo, amene sadziwa maliro, sadziwa wamasiye, amene ukawatsegulira chitseko kamodzi amalowa mpaka kuchipinda n'kutuluka atavala mawu ako. Tsono inu, kanthu kalikonse ka pa foni kakakupemphani kuti kaone anthu amene muli nawo, kanani, ngakhale kakulonjezeni ntchito. Manambala ndi mayina amenewo si anu nokha, ndi a eni ake, ndipo sanakutumeni kuti mukawagawe. Akuluakulu amene mumapita ku kafe kukalembetsedwa, funsani chimene akukudinirani, ndipo mawu achinsinsi muuzeko munthu mmodzi wa m'nyumba. Komanso, ndikupempheni, taonaninso zimene munawalemba alamu anu.

Wanga uthenga sindinautseke. Umabwerabe mwa apo ndi apo, wakuti Nyani Wanga, ndikukudikira, ndipo ndimayang'ana jekete lija kwa kanthawi, osavomera, osafufuta, n'kubweza foni m'thumba.

Amayi sawerenga zinthu ngati izi. Koma ngati wina wa inu, makamaka inu a Wailesi, athamangira kukawauza kuti mwana wanu walemba zakutizakuti, musadzivutitse. Ndidzangoseka n'kunena kuti ndanamanso, ndipo mukudziwa kale amene adzamukhulupirire.